Vidiyo ya Pamwamba pa Kabati

1

Ndinatumiza vidiyo kwa abale onse, a kwathu ndi a kwa amuna anga, ndisanaionere. Kunena zoona, mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi sindidziwa kuti ndibise nkhope kapena ndiseke, ndiye nthawi zambiri ndimachita zonse ziwiri.

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde, pansi pa zenera la chipinda chochezera. Amuna anga ndi makaniko. Tili ndi mwana mmodzi amene timamutchula Bwana, chifukwa chibadwire palibe amene amadya kapena kugona iye asanavomereze.

Bwana atabadwa, apongozi anga aakazi anabwera kudzandithandiza kulera. Amuna awo anamwalira kalekale. Patangopita miyezi yochepa, bambo anga anagwa pa njinga n'kuthyoka mwendo. Mayi anga nawonso anatisiya, choncho ndinawatenga bambowo kuti adzachirire kwathu. Apongozi ankagona ndi mwana, bambo tinawayalira m'kachipinda kamene ndimasungiramo nsalu.

Masabata oyamba akuluakulu awiriwa ankalemekezana ngati alendo a pabasi. Kenaka, osadziwa chalakwika n'chiyani, nkhondo inabuka.

"Asewere, tiyi ameneyu mwathiramo masamba kapena mwangowaonetsa madzi ali patali?"

"Mukafuna wabwino dzukani mukaphike nokha. Unathyoka ndi mwendo, manja alipo."

"Taonani mwana mwamuveka ngati akupita kumwezi. Kunjaku kukutentha!"

"Ndalera ana asanu ine, palibe amene anapsa."

Lero za mchere, mawa za zenera, mkuja za wailesi. Ndipo ndewu ya akuluakulu siithera pabalaza, imalowa mpaka kuchipinda kwa ana awo. Ine ndinkati, "Amayi anu ali ndi pakamwa." Amuna anga ankati, "Bambo anu amaputa dala." Tinayamba kugona titapatsana misana.

China chimene chinkandidabwitsa ndi mwendo uja. Dokotala anati fupa lagwirana bwinobwino, koma bambo ndodo osaisiya. Akamachoka pampando kupita pathebulo ankabuula ngati akukwera phiri.

2

Ndili ndi anzanga awiri amene tinakulira limodzi. Wina ndi Nesi, amagwira ntchito pachipatala kudziko lozizira, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Wina timamutchula Belu, chifukwa akaseka amamveka mpaka kumsewu. Iyeyu anakwatiwa kutali ndipo amagwira ntchito mu hotelo. Atatufe tili ndi kagulu kathu pa foni.

Tsiku lina Nesi anandiimbira mawu ali ofooka.

"Mnzanga, kuno kuli zii. Ndikaweruka n'kulowa m'nyumba, chimene chimandilankhula ndi filiji yokha. Unditumizireko phokoso la kwanu."

"Iwe, phokoso amatumiza bwanji?"

"Ungoika foni penapake izijambula. Usadule, usakonze. Ndikufuna ndizimva mbale zikugundana, mwana akulira, munthu akuitana mnzake. Ndiziika pathebulo ndikamaphika."

Chifundo chinandigwira. Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse masana ndinkaika foni pamwamba pa kabati, pamene pali soketi ya magetsi, n'kuitsamiritsa ku chitini cha mabatani, diso lake likuyang'ana pabalaza. Tsiku loyamba ndinawauza akuluakulu aja. Apongozi anangoti, "Zanu zimenezo." Bambo anakweza dzanja kupereka moni kwa foniyo, basi nkhani inathera pomwepo. Masabata otsatira ankangoganiza kuti ili pa chaja. Ine ndinkanyamuka kukapereka zovala kwa makasitomala, amuna anga ankapita kukaonera mpira, panyumba n'kutsala akuluakulu awiri ndi Bwana.

Vidiyo ya masana onse ndi katundu wolemera. Kuitumiza monga mmene timatumizira zithunzi, foni imakana. Ndiye Lolemba ndikapita kogula ulusi ndinkadzera pa shopu ya Mayi Fotokope, amene ali ndi intaneti yamphamvu. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kuikweza pa intaneti n'kutumiza linki, kamzere ka zilembo kamene munthu akakadina vidiyo imatseguka kulikonse kumene ali. Ikangokwera, ndinkaifufuta mufoni mwanga kuti mukhale malo a Lamlungu linalo. Zoionera ndinalibe nazo ntchito. Ndionerenji nyumba imene ndimasesa ndekha?

Posakhalitsa anzanga aja anayamba kuchita zachilendo. Belu ankatumiza uthenga wa mawu wopanda mawu, phwete lokhalokha mpaka kutsokomola. Nesi anayamba kundilamula ngati mwini filimu.

"Foni ija uisunthireko pang'ono kumanzere, mpando wa pazenera uzioneka bwino."

"Lamlungu likubwerali usafulumire kubwerera kunyumba. Uchezeko ndi makasitomala."

Belu naye: "Asisi, gawo lotsatira lituluka liti? Kuno takonza kale mipando."

Ndinangoti anzangawa kusungulumwa kwawazunguza mitu.

3

Lachisanu lina pa chakudya chamadzulo zinafika posauzana. Mkangano unali wa mchere. Apongozi anaponya kansalu kopukutira mbale pathebulo, bambo anagogoda ndodo pansi, Bwana n'kuyamba kulira. Amuna anga anasiya chakudya n'kulowa kuchipinda. Ndinawatsatira.

"Amake Bwana, nyumba ino yachepa. Mmodzi achoke."

"Achoke amayi anu."

"Amayi akulera mwana kuti inu muzisoka. Bambo mwendo unachira, dokotala ananena pamaso panu."

Tinagwirizana, kapena ndinene kuti ndinagonja, zoti mwezi ukatha bambo apite kukakhala kwa mchimwene wanga, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.

M'mawa mwake ndinawauza bambo. Anangoyang'ana ndodo yawo nthawi yaitali. Apongozi, amene ndinkayembekezera kuti alulutira, anagwetsa kapu, phwa! Tsiku limenelo sanadye. Mumtima ndinati: chinyengo cha anthu ena, wapambana koma akufuna aoneke wachisoni.

Ndinawalembera anzanga kuti bambo akuchoka. Foni inalira nthawi yomweyo, onse awiri ali pa mzere.

"Usawachotse!" anakuwa Nesi. "Wamva? Usayerekeze!"

"Nanga nditani? Nyumba yasanduka bwalo la nkhonya."

"Iwe, mavidiyo ako aja umaonera?"

"Ayi."

Belu anaphulika. Ndinachita kuichotsa foni pakhutu.

"Ndinakuuza, Nesi! Ndinakuuza kuti saonera! Mayo, nthiti zanga!"

"Khala chete Belu. Tamvera mnzanga, si nkhani yoti uimvere kwa ine. Pita kwa Mayi Fotokope ukaonere ya Lamlungu lapitali, mpaka kumapeto. Usanachite china chilichonse."

Ndikanamvera. Koma madzulo omwewo alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, analemba pa gulu la banja. Gululi tinalitsegula Bwana atabadwa, ndipo muli onse: amalume, azakhali, asuweni, a kwathu ndi a kwawo. Analemba kuti: "Tikuthokoza kuti amayi athu apumula. Munthu sungamazunzidwe m'nyumba ya mwana wako ndi mlendo wongobwera."

Mlendo wongobwera! Bambo anga! Mtima unawira ngati madzi a pa mbaula. Ndinakumbukira mawu a Nesi ndipo ndinadziuza kuti ndawamvetsa: vidiyoyo ikuonetsa amene amayambitsa ndewu. Umboni ndi umenewu, ndikudikiranji? Ndinatenga linki ija n'kuiponya pa gulu la banja, ndikulemba pansi pake kuti: "Onerani nokha amene amayambitsa."

Safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

4

Usiku wonse pagulu panali zii, chifukwa vidiyo yolemera siitseguka msanga kwa aliyense. Kutacha, foni yanga inayamba kunjenjemera pa makina osokera ngati yagwidwa malungo.

Mchimwene wanga analemba kuti: "Achemwali, sutikesi ya bambo muimasule. Ine munthu wathanzi chonchi sindimulandira." Azakhali ena anangoti: "Mulungu ndi wamkulu." Msuweni wina anatumiza tinkhope toseka mzere wathunthu. Kenaka mawu a alamu anga:

"Alamu! Zimenezi mwatumiza dala? Nyumba imeneyo mwaisandutsa chiyani? Ife tiyenda bwanji pamsewu? Ndikubwera komweko!"

Ndisanapume, amuna anga anatulukira pageti ali mu ovolosi, manja ali bii ndi oilo.

"Amake Bwana, mwatumiza chiyani? Amalume andiimbira akungoti ndilimbe mtima. Foni yanga ikungozungulira, ikukana kutsegula."

"Inenso sindinaione."

"Simunaione? Mwatumiza kwa mtundu wonse chinthu chimene simunachione?"

Tinathamangira kwa Mayi Fotokope. Anatikhazika kuseri kwa kauntala, pakati pa milu ya mapepala, n'kudina linki pa kompyuta yawo.

"Iyambe yatsika kaye," anatero. "Katundu wanuyu ndi wolemera, muleze mtima."

Pa kompyuta panaoneka kamzere kobiriwira kakukwawa ngati nkhono. Tinakhala tsonga tikukayang'ana. Aliyense ankafufuza mumtima mwake chimene anachitapo pabalaza paja.

"Amake Bwana," amuna anga anayamba motsitsa mawu, "zisanaoneke, pali zoti ndinene."

"Nenani."

"Mkaka wa ufa wa mwana uja umatha msanga... ndimanyambitako. Sipuni imodzi basi. Nthawi zina ziwiri."

"Inu! Ine kumakalipira wa pagolosale kuti akugulitsa zitini zosadzaza!"

"Nanga inu mulibe chanu?"

Ndinayang'ana kumbali. "Buluku lanu la ukwati silinafote pochapa monga ndinakuuzirani ayi. Ndinalipsereza ndi simbi, n'kulidula kupanga kabudula wa Bwana."

"Kabudula amene ndinamuyamikira uja?"

Mayi Fotokope anali atatembenukira ku makina awo, koma mapewa awo ankagwedezeka. Kamzere kaja kanafika kumapeto.

5

Pa kompyuta panaoneka balaza lathu, monga mmene mbalame ingalionere ili pamwamba pa kabati. Bambo pa mpando wa pazenera, ndodo pambali. Apongozi akupinda matewera. Bwana pamphasa akuluma chidole. Ine ndikudutsa ndi chikwama cha zovala.

"Mwana ameneyu mwamudyetsa kapena mukudikira kuti akule aziphika yekha?" bambo akutero.

"Osandiphunzitsa ntchito, asewere."

Ndinagunda amuna anga ndi chigongono. "Mwamva? Koma amayi anu ayankha mwaukali."

"Ayamba ndi bambo anu."

Mu vidiyo muja chitseko chinatsekeka. Geti linalira. Kenaka chete. Apongozi anapita pazenera, anasuzumira, n'kutembenuka nkhope ili mwee.

"Apita."

Bambo anga, munthu amene ankabuula pochoka pampando, anadzuka ngati mnyamata. Ndodo anaitsamiritsa kukhoma. Anayenda bwinobwino kukatsegula wailesi, anasakasaka mpaka anapeza nyimbo yakale yoyenda pang'onopang'ono. Anakonza kolala, anawerama pang'ono n'kutambasula dzanja.

"Mayi, mundilole."

"Inu akuluakulu inu, mwana akuona."

"Bwana ndi mboni yathu. Ubwino wake sanayambe kulankhula."

Ndipo anavina. Bambo anga ndi apongozi anga anavina pabalaza panga, akuzungulira thebulo, akulambalala mphasa, mwendo wothyoka uja ndi umene ukutsogolera. Apongozi ankaseka kaseko kamene ndinali ndisanakamvepo, kopyapyala ngati ka mtsikana. Bwana anasiya chidole n'kuyamba kuwomba m'manja.

Amuna anga anagwera pa mulu wa mapepala, pakamwa pali yasa.

Nyimbo itatha, awiriwo anakhala pa sofa. Apongozi anathira tiyi, bambo n'kumwa akutseka maso.

"Tiyi wanu alibe mnzake."

"Madzulo munene kuti ndi madzi. Nanga lero tikangane za chiyani?"

"Za mchere."

"Za mchere tinakangana Lachitatu. Atitulukira."

"Ndiye za zenera. Ine nditsegule, inu mutseke."

"Chabwino. Koma musadzanenenso kuti ndimaimba ngati chitseko chopanda girisi. Dzana zinandiwawa."

"Pepani, mtima wanga. Ndimafuna zimveke zenizeni."

Mayi Fotokope analephera kupirira, anagwa pa kauntala. Ine misozi inali ikutsika, yachimwemwe kapena yamanyazi sindikudziwa. Koma kenaka mu vidiyo muja mawu anatsika.

"Mwendowu mudzauchiritsa liti?" apongozi anafunsa.

"Ukachira andibweza kunyumba kwanga, kokalankhula ndi makoma."

"Nanga tikanangowauza?"

"Tiyambire pati? Mwana wanga adzandiona bwanji? Anthu adzati anabwera kudzalera mdzukulu, ayamba okha zachibwana."

Apongozi anawagwira dzanja. Anakhala choncho, Bwana akukwawa pamapazi awo, mpaka geti linalira. Bambo analumphira pa mpando wawo n'kugwira ndodo. Apongozi anamanga nkhope. Ine ndikulowa, zenera lili pakati pa nkhondo.

Mayi Fotokope anapukuta m'maso. "Tabwezani pamene akuvina paja."

Amuna anga anandiyang'ana pang'onopang'ono. "Ndiye kuti... amayi anga akakwatiwa ndi bambo anu, inuyo mukhala..."

"Musamalize."

"Achemwali."

Ndinawamenya ndi envelopu. Tinaseka mpaka kugwirana, koyamba patapita miyezi. Kenaka kuseka kunandithera, chifukwa ndinakumbukira sutikesi ya bambo, ndiponso kuti chinsinsi chimene anachisunga movutika chonchija ndinali nditachimwaza kwa mtundu wonse.

6

Titafika kunyumba tinayamba tasuzumira pazenera. Sutikesi inali pafupi ndi chitseko, yomangamanga. Bambo anali pampando wawo, apongozi pa sofa, aliyense akuyang'ana pansi. Atamva chitseko, apongozi anayesa kugwira ntchito yawo, koma mawu ankanjenjemera.

"Mchere umenewu mukuti wachepa, bwanji osa..."

"Amayi," amuna anga anawadula mofatsa, "za mchere munakangana kale Lachitatu. Yesani za zenera. Bambo atsegule, inu mutseke."

Ndi Bwana yemwe anasiya kuyamwa chala. Maso a bambo anakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa kabati, pa chitini cha mabatani.

"Foni ija," anatero. "Siimakhala pa chaja?"

"Imakhala pa chaja, ababa. Koma imajambulanso." Ndinagwada. "Ndipo si ife tokha amene taona. Ndinatumiza pa gulu la banja, ndisanaonere. Ndimafuna kukutetezani. Ndikhululukireni nonse awiri."

Apongozi anatenga thewera loyera n'kudziphimba nalo kumaso. Bambo anaseka pang'ono mopanda mphamvu.

"Tinkakangana kuti musatilekanitse. Taonani, mkangano womwewo ndi umene wandimangitsa sutikesi."

Geti linalira mwaukali. Alamu anga analowa osagogoda, chikwama chikuuluka kumbuyo.

"Amayi! Pa msinkhu wanuwu! Anthu atiseka mpaka liti?"

Apongozi anachotsa thewera kumaso. Sanakweze mawu.

"Msinkhu wanga watani, mwanawe? Ndakulerani asanu. Bambo ako ndinawadwazika mpaka tsiku lomaliza. Ana ako ndalera, wa mchimwene wakoyu ndikulera. Lero wapezeka munthu amene amandifunsa m'mawa ngati ndagona bwino. Iwe unandifunsa liti?"

Alamu anangokhala pa sutikesi ya bambo.

Apongozi anatembenukira kwa ine. "Foni ija ili kuti? Iikeni pamalo pake. Popeza aona chiyambi, aonenso mapeto. Musadule."

Ndinaitsamiritsa ku chitini cha mabatani. Bambo anaimirira. Ndodo anaipereka kwa amuna anga ngati munthu wobweza khasu lobwereka. Anayenda mowongoka mpaka pamene panali apongozi, n'kuyang'ana ife ana, kenaka foni.

"Ana anga, ndi nonse amene mukuonera uko. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Ine mayi awa ndimawakonda, ndipo tiyi wawo ndi wabwino. Ndatopa kumunyoza."

"Alamu," ndinatero, "tadzukani pa sutikesipo, ibwerere kuchipinda."

Anadzuka. Ndipo anainyamula okha.

7

Anakwatirana mwakachetechete, ngati mwakachetechete ndi mawu oyenera pa ukwati umene alamu anga anavina mpaka kuthyola chidendene cha nsapato. Diresi la apongozi ndinasoka ndine. Vidiyo yake inali yolemera kwambiri moti Mayi Fotokope anaikweza tsiku lathunthu, ndipo sanalole kuti ndiwalipire. Nesi anaionera pa nthawi yopuma ndi anzake a kuntchito, anthu osamva n'komwe chilankhulo chathu, koma akuti onse analira. Belu akudandaula kuti magawo a masiku ano ndi osakoma chifukwa osewera akudziwa pamene pali kamera. N'zoona, tsopano ndikaika foni pakabati ndimayamba ndalengeza mokweza, katatu.

Inu amene mukuwerenga, langizo loyamba ndi lapafupi: musatumize chimene simunachionere, makamaka mtima uli kuwira. Ine ndinachita mwayi kuti m'menemo munali kuvina. Mukanakhala china, bwenzi ndikulemba nkhaniyi ndi misozi ina. Linki ikachoka m'manja mwanu ili ngati nkhuku yothawa m'khola, simudziwa khomo limene ikalowe.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Anzanga ali kutsidya kwa nyanja anaona zimene ine, wokhala m'nyumba momwemo, sindinaone. Iwo ankayang'ana chifukwa anali ndi njala ya kwawo. Ine ndinkaona bambo odwala ndi apongozi olera mwana, osaona anthu awiri amene anatopa kudya okha. Akuluakulu amene muli nawo m'nyumbamo muziwayang'anitsitsa. Mtima suchita imvi.

Pano akukhala m'kanyumba ka kuseri kwa yathu. Dzulo ndili pa makina ndinamva mawu akukwera kumeneko. Ndinasiya nsalu n'kutchera khutu. Za mchere. Ndipo ulendo uno panalibe womuchitira sewero, inali yeniyeni.

Ndinadzuka kuti ndikaleretse, koma amuna anga anandigwira mkono.

"Achemwali, khalani pansi. Asiyeni amenewo, tsopano ndi banja."